Kodi mphambano yathu ikufunika mlatho ngati wa pa Mbudzi?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Glen Norah, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe:

"Ndine mlembi wa komiti ya anthu a m'dera lathu. Pafupi ndi kwathu pali mphambano pomwe msewu wa makombi umapingasana ndi kamsewu kochokera kunyumba, kamene kamapitirira mpaka kusukulu ya pulayimale. Kamsewuko kamalowa mopendekeka, pakhona pali durawall (mpanda wa simenti) ndi takishopu, ndipo makombi amaima pompo. Maloboti alipo, koma magetsi akazima pamakhala chipwirikiti. Chaka chino magalimoto awombana kangapo, ndipo mwana wina anagundidwa, mwamwayi anachira. Pamsonkhano ena akuti tilembe kalata yopempha flyover ngati ya pa mphambano yaikulu ya Mbudzi, ena akuti raundabauti, ena akuti tingosonkherana simenti tiike mahampu tokha. Ine mutu waima. Tipemphe chiyani?"

Yankho:

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani kwambiri za mwanayo. Mtima ukhale m'malo. Mphambano imene mwafotokozayi ndi yochizika, ndipo zambiri zofunika pamenepo ndi ntchito ya masabata ochepa. Koma flyover, mlatho wokweza msewu pamwamba pa unzake, musapemphe. Kalata yotero akaiwerenga adzangoitsekera m'kabati, ndipo ngakhale atakumverani, ana a sukulu amene mukuwadera nkhawawo ndi amene angavutike koposa. Ndifika pa chifukwa chake, koma tiyambe taona chimene chimachititsa kuti mphambano ikhale yoopsa.

Tengani pepala mujambule misewu iwiri yopingasana. Kuchokera mbali zonse zinayi, jambulani njira ya galimoto yopita molunjika, yokhotera kumanzere ndi yokhotera kumanja. Mukawerenga malo amene mizereyo ikukhudzana mupeza 32. Mwa amenewa, 8 ndi pomwe njira zikusiyana, 8 pomwe zikuphatikizana, ndipo 16 ndi pomwe zikudulana. Amene amapha ndi 16 omalizawa, chifukwa pamenepo galimoto imalasa inzake m'nthiti, ndipo chotchinga munthu ndi chitseko chokha. Mphambano ya misewu itatu, yooneka ngati chilembo cha T, ili ndi malo 9 okha. Raundabauti ya leni imodzi ili ndi 8, ndipo odulana palibe ngakhale amodzi.

Ntchito yonse ya injiniya pamphambano ndi kulimbana ndi malo 16 aja. Maloboti amawagawira nthawi, awa adutse awo adikire. Mlatho umakweza ena pamwamba n'kusiya ena pansi. Raundabauti imawachotseratu, n'kukakamiza aliyense kuponda mabuleki. Popeza kuno timayenda kumanzere, wovuta kwambiri ndi wokhotera kumanja: amaima pakati pa msewu, kumbuyo kukubwera ena, kutsogolo akudula njira ya obwera. Mukafunsa amene anaona ngozi zanuzo, sindikukayika kuti zambiri munali wokhotera kumanja kapena wotuluka m'kamsewu kaja.

Musanawerenge n'komwe magalimoto, yezani kaye kuti dalaivala wotuluka m'kamsewu amaona mpaka pati. Wa galimoto yaing'ono amene waima, akufuna kukhotera kumanja, amafunika mpata wa masekondi pafupifupi 7.5 kuti anyamuke ndi kulowa bwino. Wa thiraki yokoka ngolo amafunika 11.5. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, ndiye mukachulukitsa, wa galimoto yaing'ono ayenera kuona mamita 125 uku ndi uku, wa thiraki mamita 190. Izi mutha kuyeza nokha Loweruka m'mawa. Ikani mpando m'mbali mwa kamsewu, mamita 5 kuchokera m'mphepete mwa msewu waukulu. Wina akhalepo, kuti maso ake akhale pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi monga amakhalira a munthu ali pa chiwongolero. Mnzake ayende m'mbali mwa msewu waukulu akuwerenga masitepe. Mamita 125 ndi masitepe ngati 160 a munthu wamkulu. Akabisika asanafike pamenepo, lembani sitepe imene wabisikira ndi chimene chamubisa. Musayeze chiimirire, mudzadzinamiza, chifukwa munthu woima amaona pamwamba pa zinthu zimene zimatchinga dalaivala.

Ndinganeneretu zimene mupeze: khona ya durawall, takishopu, chikwangwani cha malonda, kombi yoima, ndipo mu February chimanga cholimidwa m'mbali mwa msewu chikatalika. Dalaivala amene sakuona amasuzumira potulutsa mphuno ya galimoto mumsewu waukulu, ndipo ndi pomwe amagundidwa. Mankhwala ake ndi kudula khona ya mpanda kuti ikhale yopendekeka, ndi kuonetsetsa kuti pakatikati ponsepo palibe chotalika kuposa m'mawondo. Za takishopu muzitenge mwaulemu. Mwini wake ndi mnansi wanu ndipo akudyetsa ana ndi pamenepo. Kumusunthira mamita 20 kapena 30 kulowa m'kamsewu nthawi zambiri kumakwanira.

Kenako liwiro. Zimene chikwangwani chikunena ndi zina, zimene madalaivala amachita ndi zina, ndipo msewu timaukonza potengera zimene amachitazo. Sankhani mapolo awiri otalikirana mamita 100 ndipo muyeze ndi wotchi ya pafoni. Galimoto yotenga masekondi 6 ikuthamanga 60. Yotenga masekondi 4.5 ikuthamanga 80. Yezani magalimoto osachepera 50 nthawi imene msewu uli wotseguka. Pa 60, dalaivala amayenda mamita oposa 40 asanaponde n'komwe mabuleki, chifukwa pamapita masekondi 2.5 kuti maso aone, mutu uganize, phazi lisunthe, ndipo kuti aimiretu pamafunika mamita 80 mpaka 85. Pa 80 pamafunika mamita 115 mpaka 130. Ngati ambiri akudutsa pa 80, mamita 125 tinawerengera aja akwera kufika pafupifupi 170.

Kupendekeka kwa kamsewu ndi vuto limene anthu salilabadira. Misewu iyenera kukumana mowongoka, pa madigiri 90, ndipo ikatsika kuchepera 70 mavuto amayamba. Dalaivala amayenera kupotoza khosi mpaka kuyang'ana kumbuyo kwa phewa, ndipo achikulire khosi silifika. Wa kombi kapena lole, popeza amakhala kumanja, mbali ya kumanzere amatchingidwa ndi apaulendo ndi thupi la galimoto. Komanso mphambano yopendekeka imatalika, ndiye galimoto ndi mwana woyenda pansi onse amakhalitsa pamalo oopsa. Ngati malo alipo, mamita 20 mpaka 30 omaliza a kamsewu amapindidwa kuti afike mowongoka. Njira ina, imene ine ndimaikonda pa timisewu ta m'malokeshoni, ndi kugawa mphambanoyo kukhala ma T awiri otalikirana mamita osachepera 50. Malo owombanirana amatsika kuchoka pa 32 kufika pa 18, ndipo palibenso wodutsa chothamanga kuchoka mbali ina kupita ina. Akonze moti wowoloka ayambe wakhotera kumanja polowa mumsewu waukulu, kenako kumanzere potuluka, kuti asamaime pakati pa msewu kudikira mpata.

Makombi. Apa ndi pomwe mapulani ambiri okongola amafera. Kombi imaima pomwe pali anthu, ndipo anthu amadikira pakhona chifukwa ndi pomwe timisewu tawo timatulukira. Mukaika siteji mamita 200 kutali, idzakhala yogulitsirapo tomato, makombi ndi mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu mosaloledwa) ali pakhona pomwe paja. Siteji yabwino imakhala mutangodutsa mphambano, mamita 20 mpaka 30, yolowa m'mbali mamita 3 kuti kombi ichokeretu mu leni, ndipo yotalika mokwana makombi awiri kapena atatu. Chifukwa choiikira mutadutsa n'choti wotsika amabwerera kumphambano n'kuwoloka kumbuyo kwa kombi, pomwe dalaivala wobwera akumuona. Ikakhala musanafike, mwana amatulukira kutsogolo kwa kombi, ndipo wodutsa m'mbali amamuona ali kale pabampala. Pakhona penipeni pamafunika simenti yokwera kapena timizati, chifukwa penti yokha hwindi (woitanira makombi) saiopa. Nayonso khonayo isakhale yotambasuka kwambiri. Khona yotambasuka imalola kukhota osachepetsa liwiro ndipo imatalikitsa powolokera. Pa timisewu ta kunyumba, bwalo la khona la mamita 6 mpaka 10 kuchokera pakati pake limakwanira, ndipo 12 mpaka 15 ndi la pomwe pamakhota mabasi ndi malole.

Tsopano kuwerenga magalimoto, kumene kudzakuuzeni ngati mukufunika maloboti, raundabauti kapena china. Sankhani Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi sukulu zili zotsegula, osati tsiku la malipiro. Werengani kuyambira 6 mpaka 9 koloko m'mawa ndi 4 mpaka 7 koloko madzulo, mukudula mzere pa mphindi 15 zilizonse. Pamafunika anthu anayi, aliyense mbali yake, ndipo aliyense alembe padera opita molunjika, akumanzere ndi akumanja. Mabasi ndi malole alembedwe paokha, chifukwa imodzi imatenga malo a magalimoto awiri kapena atatu. Wachisanu awerenge oyenda pansi ndi malo enieni amene akuwolokera. Mukapeza ola lotanganidwa kwambiri, chulukitsani ndi 10 ndipo mudzakhala pafupi ndi chiwerengero cha tsiku lonse.

Maloboti ali ndi masamu ake. Leni imodzi, ikakhala pa girini, imatulutsa galimoto imodzi pa masekondi awiri alionse, kutanthauza pafupifupi 1,800 pa ola girini itati isazime. Koma imazima. Tinene kuti maloboti amazungulira pa masekondi 90. Posinthana paliponse pamatayika masekondi ngati 5, a nyali yachikasu ndi a ofiira mbali zonse, ndiye akasinthana kawiri kwatsala 80. Msewu waukulu ukapatsidwa 50, leni yake itulutsa pafupifupi 1,000 pa ola. Mukawonjezera muvi wa girini wa okhotera kumanja, masekondi ake achotsedwa pa 80 omwewo, ndi 5 ena otayika. N'chifukwa chake muvi uliwonse umatalikitsa mzere wa ena. Ndipo 1,000 uja amatheka pokhapokha wokhotera kumanja atakhala ndi leni yakeyake. Akaima mu leni ya onse, aliyense kumbuyo kwake waima. Kutalika kwa leni imeneyi timakuwerengera chonchi: ngati okhota ndi 120 pa ola, ndipo maloboti amazungulira ka 40, ndiye atatu ulendo uliwonse. Timawirikiza kawiri kuopa nthawi imene achuluka, ndipo magalimoto 6 pa mamita 7 iliyonse ndi mamita 42, kuwonjezapo polowera popendekeka. Ikafupika, mzere umasefukira mu leni yolunjika ndipo phindu lonse latha.

Vuto la maloboti mwalinena nokha. Akazima, malo 16 aja amabwerera onse nthawi imodzi, pamsewu umene madalaivala anazolowera kudutsa osayang'ana. Lamulo loti upereke mpata kwa wochokera kumanja silithandiza mbali zonse zinayi zikadzaza, chifukwa aliyense ali ndi wina kumanja kwake. Maloboti a sola okhala ndi mabatire amachepetsa vutoli, koma mabatire amatha mphamvu ndiponso amabedwa. Ngakhale akuyaka, loboti siigwira galimoto. Wodutsa pa chofiira amadutsa ndi liwiro lake lonse.

Pa zimene mwafotokoza, mtima wanga uli pa raundabauti ya leni imodzi, ngati malo alipo ndipo ziwerengero zikulola. Siifuna magetsi, ndipo imagwira ntchito pakati pa usiku chimodzimodzi ndi masana. Yotere imanyamula magalimoto mpaka 20,000 kapena 25,000 pa tsiku, ndipo ya maleni awiri mpaka pafupifupi 45,000. Kuti mudziwe ngati leni imodzi ikwanira, tengani khomo lililonse palokha: phatikizani olowa pa ola ndi ozungulira amene akudutsa kutsogolo kwa khomolo. Zikachepera 1,000, palibe vuto. Zikapitirira 1,300, pafunika maleni awiri, ndipo pamenepo ubwino wake kwa ana umachepa. Malo ofunika ndi bwalo la mamita 30 mpaka 40 kuchoka mbali ina kufika ina.

Koma raundabauti yomangidwa molakwika ndi msampha, ndipo cholakwika chofala ndi kachilumba kakang'ono pakati pa msewu wotakasuka. Dalaivala akatha kuona njira yolunjika yodutsira, adutsa osachepetsa liwiro. Khomo lililonse liyenera kupinda galimoto kumanzere isanalowe, moti palibe angalowe mopitirira 30 kapena 40. Nanga lole? Mawilo a ngolo satsata a kutsogolo, amadulira mkati, ndipo thiraki ya ngolo ziwiri imafika mamita 22. Mukakulitsa msewu chifukwa cha iyo, magalimoto aang'ono athamanga. Njira yake ndi lamba wa simenti kapena miyala wozungulira kachilumba, wokwera masentimita 5 mpaka 7, amene ngolo imakwera bwinobwino koma wa galimoto yaing'ono amamupewa. Pakhomo lililonse pakhale kachilumba kogawa olowa ndi otuluka, kotambalala mamita 2 kuti mayi wa mwana kumsana kapena wokankha njinga aimepo, ndipo powolokera pakhale mamita 6 kumbuyo kwa mzere woimira. Motero woyenda pansi amawoloka leni imodzi, n'kupuma, n'kuwoloka inayo, akuyang'ana mbali imodzi yokha nthawi iliyonse. Kwa mwana wa giredi 2 kumeneku ndiye kusiyana kwakukulu. Phula lipendekere kunja pang'ono, masentimita 2 pa mita, kuti madzi a mvula asadikhe, ndipo ngalande zisaiwalike, poti madzi odikha pomwe mawilo amapotokola ndiwo amabala maenje.

Raundabauti imakhala ndi moyo chifukwa cha lamulo limodzi: wolowa adikire amene ali kale m'bwalo. Ku Britain lamuloli linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo lisanabwere mabwalo ankadzimanga okha magalimoto akachuluka. Imafa m'njira ziwiri. Yoyamba, msewu umodzi ukakhala ndi magalimoto ochuluka kwambiri kuposa inzake, amayenda mosalekeza ndipo a khomo lotsatira sapeza mpata. Yachiwiri, potulukira pakatsekeka. Kombi imodzi yoima potulukira imabweza mzere m'bwalo, ndipo bwalo likadzaza makomo onse atsekeka. Ndiye siteji ija si nkhani yapadera. Popanda iyo raundabauti yanu ikhala siteji.

Izi ndi zomwe zinapha raundabauti ya pa Mbudzi. Pamenepo pamakumana Simon Mazorodze Road, umene ndi msewu wa ku Masvingo ndi Beitbridge, ndi Chitungwiza Road komanso High Glen Road. Mathiraki a ku South Africa, anthu a ku Chitungwiza, a ku Glen View ndi Budiriro, mabasi a maulendo aatali okweza anthu, ogulitsa malonda, onse pabwalo limodzi. Pamene magalimoto apitirira zimene bwalo la maleni awiri kapena maloboti aakulu angathe, ndipo msewu umodzi ndi wa dziko lonse wosayenera kuimitsidwa, mlatho umakhala ndi chifukwa. Raundabautiyo inatsekedwa mu 2022, ndipo interchange, mphambano ya milatho, imene anaitcha Trabablas inatsegulidwa mu May 2025, ili ndi milatho yoposa 10. Mtengo umene unalengezedwa poyamba unali madola 88 miliyoni a ku America. Amene mumapita kumudzi mwaonanso ya pa Area 18 ku Lilongwe, imenenso inalowa m'malo mwa raundabauti.

Walira mvula walira matope. Taonani malo amene mlatho umadya. Pansi pake payenera kutsala mamita opitirira pang'ono 5 kuti thiraki yodzaza idutse. Kuwonjezapo kunenepa kwa mlatho weniweniwo, msewu wa pamwamba umakwera mamita 6 mpaka 7. Chitunda chokwerera sichiyenera kupitirira mamita 5 pa 100 alionse, apo ayi lole yolemera ikwawa ngati nkhono. Mamita 7 pa chitunda chotero ndi mamita 140, ndipo poyambira ndi pothera payenera kusalala pang'onopang'ono kuti dalaivala aone kuseri kwa nsonga, ndiye mbali iliyonse imafika mamita 250 mpaka 300. Tanthauzo lake, theka la kilomita kapena kuposa la khoma pakati pa dera lanu, pomwe palibe geti, sitolo kapena kamsewu kangatulukire.

Apo sitinakhudze njira zokhotera. Interchange yosavuta, ya diamond, ili ndi njira zinayi zotsika ndi kukwera, koma kumapeto kwake kumakhalabe mphambano ziwiri zofuna maloboti kapena maraundabauti. Ya cloverleaf imachotsa kuima konse pozungulitsa okhotera kumanja, koma gulaye woti galimoto iyendepo pa 40 amafuna mamita pafupifupi 50 kuchokera pakati, ndiye bwalo lake ndi mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo mabwalo otero ndi anayi. Mukafuna 60, ndi mamita 135 kuchokera pakati. Pa 80, ndi 250. Liwiro likawirikiza kawiri, gulaye amakula kanayi ndi kupitirira. Cloverleaf ilinso ndi nthenda yakeyake: pakati pa mabwalo awiri, olowa akuwonjeza liwiro ndi otuluka akuchepetsa amasinthana leni pa kamtunda kochepa, ndipo magalimoto akachuluka ndi pomwe amakhulana. Wolowa mumsewu wa 80 kuchokera pa gulaye wa 40 amafunanso leni yothamangirapo ya mamita pafupifupi 145, ndipo pamsewu wa 100 ndi pafupifupi 285. Nyumba zingati za kwanuko zingagwe kuti zonsezi zikwane? Ndipo mlatho suchepetsa magalimoto. Umangowafikitsa msanga pa mphambano yotsatira, mzere n'kusamukira kumeneko.

Kwa oyenda pansi, mlatho umachotsa chinthu chimodzi chimene chinkawateteza: magalimoto sakuimanso. Amene ankadutsa pa 40 adutsa pa 80. Akatswiri a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati munthu wamkulu wogundidwa pa 50 chiopsezo chomwalira sichiposa 20 pa 100, koma pa 80 chimayandikira 60 pa 100. Mudzati amange mlatho wa oyenda pansi. Umenewo umakwera mamita pafupifupi 6, masitepe ngati 40 kukwera ndi 40 kutsika. Kwa wa chikuku kapena wokankha ngolo ya katundu pamafunika chitunda cha mita imodzi pa 12 alionse, ndiye mamita oposa 70 mbali iliyonse. Agogo osenza thumba sakwera, ana ochedwa kusukulu sakwera, ndipo usiku anthu amauopa chifukwa cha achifwamba. Amawolokera pansi pomwepo, pamsewu umene tsopano ukuthamanga.

Za mahampu odziikira nokha, chonde aletseni anzanuwo. Hampu yoyenera ndi yaitali mamita 3.5 mpaka 4 motsata msewu, yokwera masentimita 8 mpaka 10, yopentedwa, ndipo ili ndi chikwangwani chochenjeza patsogolo. Kachitunda kakuthwa ka simenti kamene anthu amaumba usiku kamagwetsa wa njinga yamoto, kamasweka m'miyezi yochepa, kamatseka madzi, ndipo madalaivala amakalambalala podutsa m'mbali momwe mukuyenda anawo. Wina akavulala, mlandu udzagwera amene anasonkha simenti. Chimene mungapemphe ndi powolokera pokwera, pafulati pamwamba, pamalo enieni amene kuwerenga kwanu kwaonetsa kuti ana amawolokera. Ngati maloboti atsala, pemphani aone nthawi ya oyenda pansi: timawerengera mamita 1.2 pa sekondi, ndipo pafupi ndi sukulu mita imodzi, ndiye msewu wa mamita 11 umafuna masekondi 11 owolokera, kuwonjezapo ena oyambira.

Kalata yanu ndiye ikhale ya umboni. Ikani chojambula cha mphambano, masitepe a pampando paja, liwiro limene mwayeza, ziwerengero za ola lililonse, zithunzi za kombi itaima pakhona, ndi mndandanda wa ngozi: tsiku, nthawi, nyengo, maloboti anali oyaka kapena ayi, ndipo galimoto iliyonse inkachokera kuti kupita kuti. Ngozi zimene zinanenedwa kupolisi zili m'mabuku awo, ndipo komiti itha kupempha chidule chake. Zopempha muzigawe pawiri. Za msanga: kutsegula pakhona, kusuntha siteji, kupenta mizere, nyali za usiku, powolokera pokwera, ndi munthu wowolotsa ana m'mawa ndi masana. Za mtsogolo: injiniya adzaunike ngati pangakhale raundabauti ya leni imodzi, ma T awiri, kapena leni ya okhotera kumanja. Musawalembere yankho limodzi lokha, chifukwa pansi pa msewu pamadutsa mapaipi a madzi, a zonyansa ndi nthambo za magetsi, ndipo nthawi zina ndi zimenezi zimasankha chotheka.

Misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndiye kalata ipite ku nthambi yoona za misewu kudzera kwa khansala wanu, ndipo musunge kope lodindidwa tsiku lolandirira. Misewu ikuluikulu ya dziko, monga wa ku Beitbridge, ndi ya unduna wa zamtengatenga. A Traffic Safety Council of Zimbabwe angathandize pa maphunziro a ana ndi owawolotsa, ndipo mphunzitsi wamkulu akasainira nawo kalatayo imalemera. Chilichonse chofuna kusuntha simenti ya m'mphepete, kukumba kapena kusintha nthawi ya maloboti chijambulidwe ndi injiniya wolembetsedwa, ndipo pemphani kuti wina amene sanajambule nawo aunike chitetezo cha pulaniyo isanamangidwe, adzabwerenso atamanga, masana ndi usiku.

Pali zina zosadikira kalata. Loboti ikamaonetsa girini mbali ziwiri zopingasana, kapena mutu wake ukapotoka n'kuyang'ana msewu wina, kanenedwe tsiku lomwelo kukhonsolo ndi kupolisi ya pamsewu. Chimodzimodzi chivundikiro cha ngalande chikabedwa pafupi ndi powolokera. Ndipo ngati kuyeza kwa pampando kwaonetsa kuti dalaivala sakuona ngakhale mamita 50, makolo asinthane kuima pamenepo nthawi yopita ndi yoweruka kusukulu, atavala zowala, ndipo ana awolokere kutali ndi kombi yoima, kufikira khona itatsegulidwa.